Tsindwi la Chilembo Chimodzi

Pamene akuluampingo a kwathu adandisenzetsa udindo wokonzera chisindikizo mbiri ya mpingo wathu, imene mphunzitsi wina wokalamba adailemba ndi dzanja lake m'makope atatu asanatsikire kuli chete, ndidaulandira udindowo ndi mtima wopepuka, poyesa kuti ntchito yolemetsa adaimaliza kale mwini wakeyo, ndi kuti chonditsalira ine chidali kungotola mawu ake ndi kukawathira m'makina, monga mayi athira chimanga m'chigayo nayembekeza ufa kutsogolo. Ndidali ndisanadziwe kuti pakati pa dzanja la wolemba ndi diso la wowerenga pali mtunda wautali, ndi kuti pa mtunda umenewo paima amisiri ambiri osaoneka, ena omwalira zaka mazana asanu zapitazo, ena amoyo m'maiko amene sindidzapondamo phazi, ndipo onsewo ali ndi chonena pa za momwe mawu a mphunzitsi wa kumudzi kwathu adzaonekere pa pepala.

Mphunzitsiyo adali wa mbadwo uja umene udaphunzira kusiyanitsa w wamba ndi w wa tsindwi, ndipo m'makope ake onse sadaiwale ngakhale kamodzi kufolera katsindwi pa dzina la Malaŵi, pa nthaŵi, pa kuŵerenga ndi pa kudziŵa, ngakhale m'masamba omalizira m'mene zilembo zokha zikuchitira umboni kuti dzanja lidali litayamba kunjenjemera. Mwana wa mlongo wanga, amene ali ndi luso pa kompyuta, adataipa zonse mokhulupirika. Ndipo titafika posankha maonekedwe a zilembo, chimene anyamata a masiku ano amachitcha fonti, adandionetsa ina yokongola ndithu, ya miyendo yowongoka ndi mapewa ofatsa, yoyenera buku la m'nyumba ya Mulungu. Tidaisankha. Koma taonani, titapita nayo kosindikizira mabuku m'tauni ndi kutulutsa tsamba loyesera, paliponse pamene padayenera kukhala w wa tsindwi padali kabokosi kopanda kanthu, ndipo dzina la dziko lathu lidaoneka ngati m'kamwa mwa munthu woguluka dzino. Mnyamata wa pamenepo, amene sadali ndi mtima woipa, adati, "Bambo, musavutike, tingochotsa tizipewa tonseti, palibe adzazindikire." Mphwanga adatembenukira kwa ine nati, "Atsibweni, nanga titero?" Ndidapempha kuti andilole sabata imodzi, pakuti ndidamva mumtima kuti yankho langa lidali ayi, koma chifukwa chake ndidali ndisanachipeze, ndipo munthu wamkulu sayenera kukaniza ana chinthu popanda kuwauza chifukwa.

Funso limene ndidagona nalo sabata imeneyo ndi lakale kuposa makina onse, ndipo ndi ili: ngati moyo wa mawu uli m'tanthauzo lake, nanga maonekedwe a chilembo ali ndi kanthu kanji? Ndiyenera kuvomera kuti mbali ya mnyamata uja ili ndi mboni zolemekezeka. Mtumwi Paulo, polembera Akorinto, adaika chilembo mbali ina ndi Mzimu mbali ina, ndipo moyo adauwerengera ku mbali ya Mzimu. Ndipo ngakhale iye ankanena za chilamulo, osati za kapindidwe ka inki pa pepala, mawu akewo akhala chenjezo kwa onse amene amakonda chikopa cha buku koposa uthenga wake. Mayi wina wodziwa za usindikizi, Beatrice Warde, polankhula kwa amisiri anzake mu London m'chaka cha 1930, adafanizira zilembo zabwino ndi chikho cha galasi loyera mbee, chimene womweramo sachiona konse, koma aona vinyo yekha. Ndiponso ife tomwe, eni ake chinenero, tayamba kale kumuleka w wa tsindwi m'zolemba zathu za tsiku ndi tsiku. Nyuzi zambiri sizimulemba, ana ambiri samutchula, ndipo nanenso m'nkhani inoyi ndikutsata kalembedwe kofala ka lero, kupatula pamene ndikunena za iye mwini. Tsono ndidzakana bwanji kuchotsa chinthu chimene ambiri adachichotsa kale osamva kupweteka?

Koma nditatembenukira ku Malembo omwewo, ndidapeza kuti chilembo sachiyesa chopepuka monga tiganizira. Pamene Mulungu adapangana pangano ndi Abramu, adawonjezera chilembo chimodzi cha Chihebri m'dzina lake, nakhala Abrahamu. Ambuye Yesu, pophunzitsa paphiri za kukhazikika kwa chilamulo, sadachite manyazi kuitana monga mboni chilembo chochepetsetsa cha onse ndi kachizindikiro kosiyanitsa chilembo ndi chinzake. Alembi a Chiyuda kufikira lero amalemba mpukutu wa mabuku asanu a Mose ndi dzanja, zilembo 304,805, ndipo chikasowa chimodzi chokha, mpukutuwo sauwerenga m'sunagoge kufikira atakonza. Ndipo m'zaka zotsatira msonkhano wa ku Nicaea wa m'chaka cha 325, mpingo udagwedezeka pa mawu awiri a Chigiriki, homoousios ndi homoiousios, osiyana ndi kachilembo kamodzi kotchedwa iota, loyamba lonena kuti Mwana ali wa chikhalidwe chimodzi ndi Atate, lachiwiri lonena kuti ali wa chikhalidwe chofanana chabe. Anthu otopa ndi mikangano akhala akuseka makolo amenewo kuti adakanganirana kadontho. Koma amene amadziwa chimene chidali pa mlanduwo saseka, pakuti kadonthoko kadasenza funso loti amene adapachikidwa pamtanda adali yani.

Sindinena kuti w wa tsindwi asenza katundu wolemera chotero. M'Chichewa n'kovuta kupeza mawu amene tanthauzo lake litembenuka chifukwa tsindwi lasasuka, ndipo munthu wowerenga nthawi m'malo mwa nthaŵi sasochera. Chimene chilembocho chisunga ndi kamvekedwe ka pakamwa pa akuluakulu, kaliwu kaja kotuluka milomo itangoyandikana mofatsa osatulukira kutsogolo monga poimba mluzu, kamene abale athu a kumpoto akali nako kolimba. Pakuti m'Chitumbuka liwu lenileni lotchulira anthu ndi ŵanthu, kotero kuti fonti yosowa chilembo chimenechi siingathe kulemba anthu m'chinenero chawo. Chilembochi chidaima pa masitampa a dziko lino, chidalowa m'malamulo a kalembedwe amene bungwe la Chichewa Board lidatulutsa mu 1973, ndipo aliyense wotsegula Buku Loyera, limene lidatuluka mu 1998, amakumana nacho pafupifupi pa tsamba lililonse.

Apa m'pamene ndidapeza chifukwa chimene ndinkachifunafuna. Kuti mtundu wa anthu ukhale pansi pabwalo, akulu ndi aphunzitsi napimapima, nagwirizana kuti chilembo chakutichakuti tichileke popeza ana athu sachitchulanso, ndi kwina. Ndipo ngakhale ena angamve chisoni, palibe wolakwiridwa, pakuti eni chinenero ndiwo aweruza mlandu wa m'nyumba mwawo. Koma kuti chilembo chichoke pa pepala chifukwa mmisiri wina wakutali, amene sadamvepo za ife, sadachijambule, ndiponso chifukwa ife tidachita ulesi kusankha chipangizo china, ndi kwinanso. Pamenepo chinenero sichidasinthe mwa upo wa eni ake, koma chadulidwa kuti chikwane m'chikombole cha wina. Mphunzitsi uja sadapezeke pa upo uliwonse wochotsa matsindwi m'buku lake. Iye adawafolera limodzilimodzi ndi dzanja lonjenjemera, ndipo wakufa sangathe kudziyankhira. Mawu akuti palibe adzazindikire ndiwo adandiopsa koposa, chifukwa zambiri zimene timawalanda osowa mawu timawalanda ndi chitonthozo chomwecho.

Amisiri akale a zilembo adali osula enieni, anthu a ng'anjo ndi nyundo monga makolo athu osula makasu. Johannes Gutenberg wa ku Mainz, amene Baibulo lake la mizere 42 pa tsamba lidatha kusindikizidwa cha m'ma 1455, ankasema chilembo chilichonse pa nsonga ya chitsulo cholimba, nachikhomera mu mkuwa kuti chisiye chikombole, nathiramo mtovu wosungunuka wosakaniza ndi zitsulo zina. Ndipo pofuna kuti tsamba lake lifanane ndi dzanja la alembi, sadakhutire ndi zilembo makumi awiri ndi mphambu zochepa, koma adapanga mitundu pafupifupi 290. Ndili mnyamata ndidaonapo nkhalamba ina pa makina a pamishoni ikutola tizilembo ta mtovu m'bokosi la timagawo, ikutindanda chobwerera m'mbuyo ndi chozondoka, maso ake akuwerenga chimene ife sitinkatha kuwerenga; ndipo ndikumbukira kuti chilembo chikatha m'kagawo kake ntchito inkaima, kufikira atamasula tsamba lina ndi kubweza tizilembo take m'malo mwake. M'masiku amenewo kusowa kwa chilembo kudali umphawi weniweni, wa chitsulo choti chichokere kutsidya kwa nyanja pa sitima, ndipo wosindikiza akachidumpha tikadamukhululukira. Lero umphawi umenewo udatha, ndipo pamodzi nawo chidathanso chowiringula.

Pakuti kachitidwe ka masiku ano n'kodabwitsa, ndipo kwa munthu wokonda kusinkhasinkha kali ngati fanizo lokonzeratu. M'kompyuta chilembo chilichonse chili ndi nambala yake m'kaundula wamkulu wa zilembo za dziko lonse wotchedwa Unicode, amene adayamba kutuluka mu 1991. Nambala ya w wa tsindwi wamng'ono ndi U+0175, ya wamkulu ndi U+0174. Nambalayo ndiyo dzina lake losasinthika, koma ilibe maonekedwe; fonti ndiyo imaipatsa thupi. Mphwanga adandionetsa kuti m'buku lathu, ngakhale pa pepala padali timabokosi, m'kati mwa makina chilembocho chidali chikhalire, chodziwika ndi nambala yake, chongosowa thupi loonekera. Ndipo ndidakumbukira kuti chikhulupiriro chathu sichiyembekezera moyo wa mizimu yoyandama yopanda matupi, koma chimavomereza kuuka kwa thupi, ndi kuti Mawu amene adali pachiyambi sadakhutire kukhala tanthauzo lobisika, koma adavala thupi kuti aoneke ndi kukhudzidwa. Chipembedzo chotere sichingathe kunena ndi mtima wonse kuti maonekedwe alibe kanthu. Ndipo chikho cha mayi Warde chija chikundichitira umboni ine, pakuti chikho sichioneka pokhapokha chili chamtunthu. Chikang'aluka, womwa aona mng'alu naiwala vinyo.

Pali chinthu chimodzi m'nkhani imeneyi chimene chimandichepetsa mtima nthawi zonse ndikachiganizira. Mafonti ambiri amene ali ndi w wa tsindwi adamuikamo poganizira anthu a ku Wales, mtundu wochepa wa ku Britain umene udalimbikira kusunga chinenero chake pakati pa Chingerezi, ndipo m'chinenero chawo madzi amawalemba kuti dŵr. Iwonso kachizindikiroko amakatcha to bach, ndiko kunena kuti kadenga kakang'ono. Chotero mitundu iwiri yosadziwana, wina m'mapiri a kuzizira, wina m'mbali mwa nyanja ya kuno, idayang'ana kachizindikiro kamodzi nionamo denga la nyumba. Ndipo ife takhala tikubisala mvula pa khonde limene anzathuwo adamangira ana awo.

Tsono posankha pulogalamu yopangira zilembo, kapena yozisungira ndi kuzilongosola, funso loyamba kwa ine silikhalanso loti ndi iti yamphamvu kapena yotchuka, koma loti ndi iti imene imalola munthu wa chinenero chaching'ono kumangira chilembo chake nyumba. Mapulogalamu opangira mafonti alipo angapo odziwika. Glyphs, ya Georg Seifert, amisiri ambiri amaitama chifukwa cha kufewa kwake m'manja, koma imagwira pa makompyuta a Mac okha ndipo ndi yogula. FontLab nayonso ndi yogula, ngakhale imagwira pa Mac ndi pa Windows pomwe. Sindizinyoza, pakuti amene adazipanga adakhetsa thukuta, ndipo mmisiri amene amadya za ntchito imeneyi achita bwino kugula khasu labwino. Koma mtima wanga uli pa FontForge, imene George Williams adayamba kuilemba cha m'ma 2000 pansi pa dzina loti PfaEdit, naipereka kwaulere kwa aliyense. Maonekedwe ake ndi okhakhala, ndipo woyamba kumene amatopa nayo msanga. Koma imagwira pa Windows, pa Mac ndi pa Linux, imatsegula kaundula yense wa Unicode pamaso pako ngati munda wogawidwa m'timizere, ndipo mphunzitsi wa ku Mzimba kapena wa ku Dedza amene alibe ndalama zakunja angathe kuitenga lero lomwe. Ndikamaganizira munthu monga Nolence Mwangwego, amene kuyambira mu 1979 adadzipereka kupeka zilembo zakezake zolembera zinenero za dziko lino, ndimaona kuti chipangizo chotere ndicho mlatho wokha umene ungaolotse ntchito yonga imeneyo kuchoka m'kope kupita ku makina.

Mphwanga adandikhazika pambali pake usiku wina nandionetsa momwe chilembo chimamangidwira. Sichijambulidwa ngati chithunzi, koma chimazungulizidwa ndi mizere yopindika yomangika pa timfundo, monga msampha wokungidwa pa zikhomo. Ndipo masamu a mizereyo amatchedwa ndi dzina la Pierre Bézier, amene ankawagwiritsa ntchito pokonza matupi a galimoto ku kampani ya Renault. Kuti apange w wa tsindwi, mmisiri amatenga w amene alipo kale, natenga katsindwi, naika kachikhomo kosaoneka pamutu pa chilembo kuti tsindwi lidziwe pokhala. Zimaoneka zapafupi, koma tsindwi likakwera pang'ono limaoneka ngati mbalame youluka, likatsika limaphwanya mutu wa chilembo, ndipo pa chilembo chachikulu liyenera kuphwatalala kuti lisagunde mzere wa pamwamba. Tizikhomo tomweto ndito timasenza zizindikiro za kukwera ndi kutsika kwa liwu, zimene olemba mabuku otanthauzira mawu amazifuna kuti asiyanitse mténgo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika. Palinso kankhodolero kaja ka mu ng'ombe ndi m'nyumba, kamene m'Chichewa kamabwera kawirikawiri, ndipo fonti yosakaganizira imasiya mpata waukulu mwakuti liwu limodzi limaoneka ngati awiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo usiku umenewo ndidayamba kulemekeza anthu amene amatha chaka chathunthu pa zinthu zimene wowerenga sadzawayamikira, popeza ntchito yawo ikakoma ndi pamene siioneka.

Mmodzi wa anthu otere ndi Donald Knuth, katswiri wa masamu ndi makompyuta wa ku Stanford, amene mu 1977, ataona masamba oyesera a buku lake osindikizidwa ndi makina atsopano, adawawidwa mtima ndi kunyansa kwa zilembo zake, napatuka pa ntchito yake yaikulu poyesa kuti akonza vutolo m'miyezi yowerengeka. Koma padapita pafupifupi zaka khumi, ndipo m'menemo mudatuluka TeX yondandira masamba ndi Metafont yopangira zilembo, zonse ziwiri zoperekedwa kwaulere. Munthu yemweyo ndi Mkhristu wa mpingo wa Lutheran, ndipo adalemba buku losanthula ndime 16 ya mutu 3 wa mabuku a m'Baibulo, napempha akatswiri a kulemba kokongola a m'maiko ambiri kuti aliyense alembe ndime imodzi ndi dzanja. Sindikhulupirira kuti ziwirizi zidakumana mwangozi mwa munthu mmodzi.

Mphwanga, atatenthedwa ndi luso latsopanolo, adati, "Atsibweni, bwanji tingotsegula fonti yokongola ija, tiikemo tokha w wa tsindwi?" Ndidamufunsa kumene adaitenga, ndipo adavomera kuti adaikopera kwa mnzake, amenenso adaikopera kwa wina. Titawerenga chilolezo chake tidapeza kuti idali yogulitsa, ndi kuti mwini wake adaletsa kuisintha. Apa funso lidasanduka la lamulo loletsa kuba, ndipo ndiyenera kunena poyera kuti ambiri a ife, amene sitingatole ngakhale chingwe cha mbuzi ya mnzathu, timasindikiza nyimbo za Mulungu ndi zilembo zakuba osagunda mtima, chifukwa chobedwacho sichisiya khola lopanda kanthu. Koma mmisiri adachigwirira ntchito, ndipo mbiri ya mpingo siyenera kuvala chovala chobedwa, chingakongole motani. Mwamwayi pali khomo lina. Bungwe la SIL, limene limagwira ntchito pakati pa zinenero zazing'ono ndi omasulira Malembo, lidatulutsa mu 2005 chilolezo chotchedwa Open Font License, chimene chimalola munthu kugwiritsa ntchito fonti, kuisintha ndi kuigawira ena, malinga asaigulitse payokha, ndipo akaisintha asaitchenso dzina limene mwini wake adadzisungira. Lamulo lomalizali ndi lolungama, pakuti munthu sayenera kusenzetsedwa mbiri ya ntchito imene sadaigwire. Maina a mafonti awo ndi ulaliki paokha: Gentium, ya Victor Gaultney, ndiko kuti ya mitundu ya anthu m'Chilatini; Charis ndi chisomo m'Chigiriki, Doulos ndi kapolo; Andika ndi liwu la Chiswahili loti lemba, ndipo adaikonzera ongoyamba kuwerenga. Kampani ya Google nayonso idayamba banja lalikulu la mafonti lotchedwa Noto, ndi cholinga choti timabokosi topanda kanthu tija, timene amisiri amatifanizira ndi zidutswa zoyera za chakudya cha soya chotchedwa tofu, tisaonekenso m'chinenero chilichonse.

Za kusunga ndi kulongosola ndinene mwachidule, ngakhale m'pamene ambiri amagwa. M'kompyuta ya mphwanga mudali mafonti oposa 2,000, ambiri osawatsegulapo chiwatengere, ndipo posankha ankangoyendayenda pakati pawo ngati munthu wolowa m'nkhokwe usiku wopanda nyali. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Mapulogalamu olongosolera alipo, monga Font Book imene imabwera ndi Mac, NexusFont ya pa Windows, ndi FontBase. Onsewo amalola kuika mafonti m'magulu ndi kuona maonekedwe awo pamodzi. Chimene ndidafuna kwa iwo n'chimodzi chokha, kuti andilole kulemba mawu anga oyesera m'malo mwa a Chingerezi amene amabwera nawo. Tidalemba mawu anayi, Malaŵi, ŵanthu, ng'ombe ndi mténgo, ndipo nthawi yomweyo khamu lonselo lidagawika pawiri pamaso pathu. Pamafunika diso apa, chifukwa nthawi zina makina saonetsa kabokosi, koma amabwereka chilembo chosowacho ku fonti ina mwakachetechete, ndipo chimaima pakati pa anzake ngati chigamba cha nsalu ina. Wosadziwa ayesa zili bwino, kufikira pa tsiku losindikiza. Ambiri okongoletsetsa ndiwo adalephera, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Otsalawo tidawaika m'gulu limodzi, ndipo mphwanga adalitcha dzina loti Olandira Alendo.

Komabe sindingabise kuti m'njira imeneyi mulinso dzenje, ndipo ndalionera pafupi mumtima mwanga momwe. Munthu angathe kukonda chilembo kufikira chisanduke fano, nayamba kuyeza anzake ndi matsindwi, kunyoza mwana wolemba mosiyana ndi iye, ndi kuyesa kuti kuyera kwa mtundu kuli m'kapindidwe ka inki. Ku Germany zilembo zakuda zothyokathyoka zotchedwa Fraktur zidatamandidwa zaka zambiri monga zilembo zenizeni za mtundu wawo. Koma mu Januwale 1941 boma la Hitler, mwa kalata ya Martin Bormann, lidaziletsa pozinamizira kuti ndi za Chiyuda, ndipo anthu amene dzulo lake ankazilambira adalamulidwa kuzida. Umo ndimo mafano amachitira ndi owapembedza. Chenjezo la Paulo lija likhalabe chilili, ndipo ndikadakhala kuti ndidaumirira tsindwi pofuna kuonetsa kuti ndine wophunzira kuposa mnyamata wosindikiza uja, ndikadachimwa koposa iye. Chimene ndidayenera kusunga sichidali ulemu wanga, kapena ulemu wa chilembo pachokha, koma mawu a munthu amene adandikhulupirira osandidziwa, monga momwe iye adawasiyira.

Tidasankha Charis. Idamangidwa pa maziko a fonti ya Matthew Carter yotchedwa Charter, imene adaikonza mu 1987 kuti izioneka bwino ngakhale pa makina osindikiza mosalongosoka, ndipo miyendo yake yolimba idayenera pepala lotsika mtengo limene mpingo udakwanitsa kugula. Siidali yonyezimira ngati yoyamba ija, ndipo mphwanga adaiyang'ana kanthawi asanavomere. Sabata itatha tidabwerera kosindikizira kuja, ndipo mnyamata uja adatulutsa tsamba loyesera, naliyang'anitsitsa kuyambira pamwamba kufikira pansi, chala chake chikuima pa tsindwi lililonse. Kenaka adatsegula kabati natulutsa pepala lolembedwa pamanja, ndondomeko ya mwambo wa maliro imene banja lina la ku Rumphi lidamusiyira m'mawa womwewo, yodzala ndi ŵ kuyambira mzere woyamba, nati, "Bambo, kodi fonti imeneyi n'kuloledwa kuti nanenso ndikhale nayo?" Ndidati n'kuloledwa, mwini wake adalemba yekha kuti igawidwe. Mphwanga adasolola fulashi m'thumba la malaya nampatsa, ndipo tidakhala pa benchi kudikira kuti ayambe wamaliza za maliro, popeza mwambowo udali wa mawa lake.